Funsani za Khofi: Bwanji wa ku Kenya akuwawasa ngati chidede?

Makalata a mwezi uno ambiri akufunsa za kakomedwe ka khofi, ndipo nkhani imeneyi imandifika pamtima chifukwa ndakhala zaka zambiri ndi supuni m'manja, kulawa khofi wa alimi asanagulitsidwe. Ndasankhapo asanu.

Funso: Mwana wanga amene ali ku Johannesburg wanditumizira timapaketi titatu ta khofi: wa ku Kenya, wa ku Ethiopia ndi wa ku Brazil. Wa ku Brazil tamwa bwinobwino. Koma wa ku Kenya akuwawasa, moti mayi a kunyumba akuti ndi wosasa, titaye. Pa paketi ya wa ku Ethiopia alembapo za maluwa ndi mandimu. Kodi amathiramo mankhwala onunkhiritsa? Bambo wa ku Area 25, Lilongwe.

Bambo, khofiyo musataye chonde, ndipo muwauze mayi kuti lilime lawo silinaname. Kuwawasako kulipodi. Kungoti si kusasa ayi. Umo ndi mmene khofi wa ku Kenya alili, ndipo ogula akunja amalipira ndalama zambiri kufuna kuwawasa komweko. Mankhwala onunkhiritsa mulibe.

Ambirife tinakula tikudziwa khofi wa m'chitini, wa ufa wosungunuka uja. Mukawerenga pa zitini zambiri zotere mupeza kuti muli chikori, womwe ndi muzu wa chomera china umene amaukazinga, ndipo khofi weniweni ndi gawo chabe. Ndiye m'kamwa mwathu munazolowera kuti khofi ndi chinthu chakuda, chowawa, chofuna masupuni atatu a shuga ndi mkaka. Timaiwala kuti khofi ndi chipatso. Akapsa pamtengo amafiira psuu, ukamufinya amatuluka madzi otsekemera, ndipo zimene timakazinga zija ndi njere zake. Mango a boloma ndi a kalisere sakoma mofanana, nanga khofi angafanane bwanji?

Ine izi ndinazimvetsa tsiku langa loyamba pa tebulo lolawira. Makapu anali atandandalika mzere, aliyense ndi khofi wake, madzi otentha atathiridwa kale. Mkulu amene ankandiphunzitsa anatunga ndi supuni n'kukoka mwaphokoso kuti fyuu, n'kulavula, kenako anandipatsa supuni ina. Kapu yoyamba ndinati ikuwawa. Yachiwiri ndinati ikuwawa. Anandiyang'ana n'kundifunsa zipatso zimene tinkadya kwathu tili ana. Nditatchula bwemba, malambe, masuku ndi nthudza, anandiuza kuti ndibwererenso pa kapu yachiwiri ija ndikuganiza zimenezo. Ndinakoka, ndipo m'mbali mwa lilime munayamba kutuluka malovu ngati ndamwa madzi a chidede. Anali khofi wa ku Kenya.

Khofi amene amagulitsidwa pa dziko lapansi ali m'mitundu ikuluikulu iwiri. Arabica amakonda malo okwera ndi ozizira, ndipo ndiye wonunkhira. Robusta amapirira kutentha ndi matenda, ali ndi kafeini wochuluka pafupifupi kuwirikiza kawiri, amawawa kwambiri ndipo amamveka ngati chimanga chopserera. Vietnam ndiye amalima robusta wambiri, Uganda nayenso ali naye wochuluka, ndipo wambiri mwa iye amathera m'zitini zija. Timapaketi tanu titatuto mosakayika ndi arabica, koma mbewu zake, dothi lake ndi kakonzedwe kake n'zosiyana.

Wa ku Kenya wotchuka amalimidwa m'mphepete mwa phiri la Kenya, kumadera a Nyeri ndi Kirinyaga, pa dothi lofiira lochokera ku phiri limene kale linkaphulika. Mbewu zake zodziwika ndi SL28 ndi SL34, zimene zinasankhidwa m'zaka za m'ma 1930 ku malo a kafukufuku a Scott Laboratories, n'chifukwa chake zilembo SL. Akathyola amasenda makoko tsiku lomwelo, n'kuvundika njerezo kuti zoterera ngati therere zija zichoke, n'kutsuka ndi madzi ambiri. Khofi wotsuka chonchi amamveka woyera m'kamwa, kuwawasa kwake kumaonekera poyera. Azungu amakufanizira ndi tizipatso takuda ta kwawo timene kuno kulibe, koma ine ndimati chidede chothira shuga pang'ono, nthawi zina tomato wakupsa bwino. Mukaona zilembo AA pa paketi, akutanthauza kukula kwa njere basi.

Ethiopia ndiye kwawo kwa arabica, ndipo mpaka lero kumeneko alipo womera yekha m'nkhalango. Wotsuka wa ku Yirgacheffe ndi wopepuka moti wina angamuyese tiyi wopanda mkaka. Fungo lake ndi la maluwa a mandimu madzulo a mu Okutobala, ndipo ukameza kamatsalira kakomedwe ka khungu la nachesi. Wa ku Harar, kum'mawa kouma kwa dzikolo, amamuyanika ndi makoko ake omwe, ndiye njere imamwa kutsekemera kwa chipatso chonse. Ameneyo amamveka ngati mabulosi akupsa kwambiri, pafupi ndi vinyo.

Wa ku Brazil mwamukonda msanga chifukwa ndiye ali pafupi ndi zimene tinazolowera. Dzikolo limalima pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a khofi yense wa pa dziko lapansi, wambiri ku Minas Gerais, pa malo osakwera kwambiri, ndipo wambiri amamuyanika ndi makoko. Sawawasa kwenikweni. Amakoma ngati mtedza wokazinga ndi chokoleti, ndipo amagwirizana ndi mkaka. Mwanayo akadzakufunsaninso, mumuuze awonjezerepo wa ku Sumatra, ku Indonesia. Kumeneko kumagwa mvula kwambiri, ndiye amachotsa kakhungu ka m'kati njere zisanaumitsitse. Khofi wake ndi wolemera m'kamwa ngati thobwa, ndipo fungo lake ndi la dothi mvula yoyamba itangogwa. Ena amamukana, ine ndimamukonda m'mawa wa mu Juni.

Wa ku Kenyayo muyambe mwamumwa wopanda mkaka, ndipo mudikire azizireko pang'ono. Akamazizira m'pamene kutsekemera kumatuluka.

Funso: Ndili ndi kamalo kodyera ku Limbe ndipo ndikufuna ndizigulitsa khofi wa kuno kwathu. Ena akuti ndigule wa ku Mzuzu, ena akuti wa ku Thyolo. Kodi pali kusiyana, kapena ndi mayina chabe? Mayi wa bizinesi, Limbe.

Mayi, mwachita bwino kuganiza za khofi wathu, ndipo kusiyana kulipo. Koma choyamba dziwani kuti khofi wa ku Mzuzu salimidwa mu mzinda wa Mzuzu. Kumeneko kuli likulu la Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, bungwe limene limasonkhanitsa makopaletivi asanu ndi limodzi a alimi ang'onoang'ono: Misuku ku Chitipa, Phoka ndi Viphya North ku Rumphi, mapiri a Nkhata Bay, kum'mwera chakum'mawa kwa Mzimba, komanso Ntchisi East kuno kuchigawo chapakati. Ndiye m'dzina limodzilo muli mapiri ambiri, ndipo phiri lililonse lili ndi kakomedwe kake.

Kuno ku Malawi khofi anayambira kwanu komweko kum'mwera. Mu 1878 Jonathan Duncan, amene ankasamalira dimba la Blantyre Mission, anabweretsa mbande kuchokera ku Edinburgh, ku Scotland, ndipo John Buchanan anayamba kumulima ngati bizinesi ku Zomba. Pofika cha m'ma 1900 khofi ndiye anali mbewu yaikulu yotumiza kunja, moti chizindikiro cha boma la atsamunda la nthawi imeneyo chinali ndi mtengo wa khofi. Kenako mitengo inagwa chifukwa Brazil anadzaza msika, tizilombo ndi kuguga kwa nthaka zinawonjezera mavuto, ndipo fodya, thonje ndi tiyi zinalanda malo. Lero kum'mwera khofi ali m'maesiteti, monga Satemwa ku Thyolo, imene inakhazikitsidwa mu 1923.

Chimene chimasiyanitsa kwambiri ndi kukwera kwa malo. Minda ya ku Thyolo ili cha pa mamita 1,000 kapena kupitirira pang'ono kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe ku Misuku ilipo yofika mamita 1,700 mpaka 2,000. Kumalo ozizira chipatso chimachedwa kupsa, njere imalimba, ndipo shuga ndi kuwawasa kwabwino kuja zimakhala ndi nthawi yokhwima. Pa tebulo langa, wa ku Misuku wokonzedwa bwino amandipatsa malalanje ndi uchi, nthawi zina kafungo ka maluwa. Wa ku Phoka ndimamumva pafupi ndi ameneyo. Wa ku Ntchisi ndi wa ku Mzimba kawirikawiri amakhala ofatsa, otsekemera ngati nzimbe. Wa ku Thyolo amalemererako m'kamwa, kuwawasa kwake n'kochepa, ndipo amapendekera ku chokoleti ndi mtedza. Izi ndi zimene lilime langa limapeza kawirikawiri, koma chaka ndi chaka mvula imasintha zinthu, ndipo wokazinga akhoza kubisa zonsezi akapsereza.

Ndinakhalapo ku Misuku nyengo yokolola, mwezi wa Julaye, ndipo sindiiwala. M'mawa nkhungu inali itaphimba nthochi zimene amadzala pakati pa khofi kuti zipereke mthunzi. Chakumadzulo alimi ankatsika m'mapiri atasenza madengu a zipatso zofiira, ndipo asanakweze pa sikelo aliyense ankakhala pansi kusankha, kuchotsa zobiriwira ndi zakuda. Kenako zipatso zinkathiridwa m'madzi, zoyandama n'kuzipatula, chifukwa yoyandama ndiye kuti m'kati ndi mphwepwa. M'mawa mwake kapitawo analowetsa dzanja m'thanki yovundikira n'kufikisa njere. Zikamalira kuti khekhekhe ngati timiyala ta kumtsinje, ndiye kuti zakwana kutsuka. Akachedwa ndi maola ochepa, khofi yense amanunkha ngati masese. Pa thandala amakhala pafupifupi milungu iwiri, amayi akutembenuza ndi manja ndi kutola njere zoonongeka imodziimodzi. Makilogalamu asanu kapena asanu ndi limodzi a zipatso ndiwo amatulutsa kilogalamu imodzi ya njere zouma.

Kwa inu mayi, langizo langa ndi ili. Makasitomala ambiri a ku Limbe adzafuna khofi wa mkaka ndi shuga, ndiye wa kum'mwera wokazinga mwapakatikati akukwanirani, komanso ali pafupi, mudzamupeza asanagone. Koma musunge paketi imodzi ya wa kumpoto wokazinga mopepuka, ya amene amamwa wopanda mkaka. Pogula muziyang'ana tsiku limene anakazingidwa. Khofi wa ku Misuku wogona miyezi isanu ndi itatu pa shelefu amagonja kwa wa kwina kulikonse wokazinga sabata yatha.

Funso: Ndili ndi mitengo 600 ya Catimor imene anandisiyira bambo anga. Ndamva pa Facebook kuti Geisha ndiye khofi wodula kwambiri pa dziko lonse, ndipo anzanga ena kuno ali naye. Kodi ndizule Catimor yense ndidzale Geisha? Mlimi wachinyamata, Mphompha, Rumphi.

Mphwanga, usazule. Ndikufotokozere bwinobwino chifukwa nkhani ya Geisha yasokoneza alimi ambiri.

Zimene wamvazo n'zoona mbali imodzi. Dzinali likuchokera ku dera la Gesha, kum'mwera chakumadzulo kwa Ethiopia, kumene njere zake zinatengedwa m'zaka za m'ma 1930. Zinadutsa ku malo a kafukufuku a Lyamungu ku Tanzania, zinafika ku Costa Rica mu 1953, kenako ku Panama. Kumeneko mbewuyi inakhala zaka zambiri osalabadiridwa chifukwa imabereka pang'ono ndipo nthambi zake sizichedwa kuthyoka. Mu 2004 munda wa Hacienda La Esmeralda ku Boquete unapatula Geisha wa pamalo okwera kwambiri n'kumupititsa ku mpikisano wa Best of Panama. Olawa anadabwa ndi fungo lake la maluwa, ndipo anagulidwa pa madola 21 paundi imodzi (paundi ndi muyezo wochepera pang'ono theka la kilogalamu), mtengo umene nthawi imeneyo unali wosamveka. Mu 2019 Geisha wina wa ku Panama komweko anapitirira madola 1,000 paundi imodzi.

Koma mitengo imeneyo ndi ya matumba ochepa kwambiri opambana mpikisano. Komanso mbewu zotchedwa Geisha zilipo zingapo, zonse zochokera cha kudera limodzi la Ethiopia, koma akatswiri ataziyeza anapeza kuti si mbewu imodzi. Geisha wathu anabwera kuno m'zaka za m'ma 1950, pamodzi ndi mbewu ina yotchedwa Agaro, ndipo anakondedwa chifukwa chopirira matenda a fusarium amene ankaumitsa mitengo. Ndi khofi wabwino ndithu. Ndalawapo wa ku Misuku wonunkhira moti ndinaitana anzanga kuti adzamve. Koma wogula wakunja sangakupatse mtengo wa ku Panama chifukwa cha dzina lokha. Adzalawa kaye.

Catimor wakoyo usamunyoze. Anachokera pa kukwatitsa Caturra ndi mbewu ina ya pa chilumba cha Timor imene ili ndi magazi a robusta, ntchito imene inayambira ku Portugal mu 1959. Wodziwika kuno ndi Catimor 129, amene timamutchanso Nyika. Ndi wamfupi, sachedwa kuyamba kubereka, amabereka kwambiri, ndipo amapirira dzimbiri la masamba ndi matenda odetsa zipatso aja. Vuto lake ndi loti amadya kwambiri. Ukapanda kumupatsa manyowa ndi feteleza wokwanira amabereka mopitirira mphamvu zake, nthambi n'kuyamba kuuma kuchokera kunsonga, ndipo khofi wa mtengo wotopa chonchi ndiye amamveka khambi, ngati udzu wouma. Mbiri yoipa ya Catimor yambiri imachokera pamenepo. Wodyetsedwa bwino, wa pamthunzi, pamalo okwera ngati kwanuko, wothyoledwa atafiira, ndamupatsapo malikisi apamwamba osadziwa kuti ndi iye.

Mbande ya khofi imatenga zaka zitatu kapena zinayi kuti iyambe kukupatsa ndalama. Ukazula mitengo 600 lero, banja lidzadya chiyani zaka zimenezo? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chita chonchi: m'malo mwa mitengo imene yafa ndi mbozi yoboola tsinde, komanso kumtunda kwa munda kumene kumazizira kwambiri, dzalako Geisha mizere ingapo, mbande zochokera ku nazale ya kopaletivi yanu. Zikayamba kubereka uzithyola padera, ndipo ukambirane ndi anzako amene ali naye kuti mukapemphe limodzi kuti Geisha wanu azisendedwa ndi kuyanikidwa payekha. Akasakanizidwa m'thanki imodzi ndi wina aliyense, fungo lija limasowa ndipo mtengo wake umasowera pomwepo.

Funso: Ndinagula khofi wa ku Rwanda. Makapu ambiri anali okoma, koma tsiku lina nditapera, nyumba yonse inanunkha ngati mbatatesi yaiwisi. Chinachitika n'chiyani? Namwino, Zomba.

Achemwali, mphuno yanu ndi yakuthwa. Vutoli limadziwika bwino ku Rwanda, ku Burundi ndi kum'mawa kwa Congo, ndipo akatswiri amaligwirizanitsa ndi kachilombo kotchedwa antestia kamene kamaboola chipatso chili pamtengo. Njere imodzi yokha ndiyo imakhala ndi fungolo, ndipo ikakazingidwa simungaizindikire ndi maso. Silivulaza munthu. Muzipera pang'onopang'ono, wokwanira kapu imodzi kapena ziwiri, n'kununkhiza musanathire madzi. Mukamva mbatatesi, tayani kaufa kameneko, pukutani chopereracho, perani wina. Paketi yonse ikadali yabwino, ndipo khofi wa kumeneko, amene wambiri ndi mbewu ya Bourbon, ndi wotsekemera mofatsa ngati mapichesi a ku Dedza.

Funso: Zonse mumalembazi zimandisangalatsa, koma ine makina opangira khofi ndilibe. Ndili ndi mbaula, ketulo ndi sefa. Kodi ndingathe kumva kusiyana kumene mumanenaku? Mphunzitsi wopuma pa ntchito, Ntcheu.

Aphunzitsi, zimene muli nazozo n'zokwanira. Ifenso pa tebulo lolawira sitigwiritsa makina. Timangofuna kapu, supuni ndi madzi otentha.

Pezani khofi wa mitundu iwiri, mwachitsanzo wa kumpoto ndi wa ku Thyolo, chifukwa kusiyana kumamveka bwino akakhala pafupi. Ngati mwapeza wa njere, sinjani mu kamtondo koyera kamene simunasinjiremo tsabola kapena adyo, mpaka ufa ukhale ngati mchere wa miyala ing'onoing'ono, osati wosalala ngati ufa woyera. Muyezo wake ndi magalamu 60 pa lita imodzi ya madzi, ndiye pa kapu wamba ikani masupuni aakulu awiri odzaza bwino. Nunkhizani ufawo usananyowe. Madzi akawira, phulani ketulo mudikire ngati mphindi imodzi, ndipo ketuloyo ikhale yovundikira pa mbaula kuti utsi usalowe. Madzi a pa mjigo amchere amapha kakomedwe, ndiye ngati kwanuko ali otero, yesani ena.

Thirani madzi m'makapu onse awiri n'kuwasiya mphindi zinayi osatakasa. Pamwamba padzachita kachikhokho. Weramani, mphuno pafupi ndi kapu, n'kukankha kachikhokhoko ndi supuni. Fungo limene lidzatuluke pamenepo ndilo lamphamvu kuposa nthawi ina iliyonse. Yengulani thovu, dikirani ufa ukhazikike pansi, kenako tungani ndi supuni n'kukoka mwaphokoso kuti khofiyo amwazike m'kamwa monse. Muzitsuka supuni m'madzi musanapite pa kapu inayo. Dzifunseni ngati akuwawasa ngati ndimu kapena ngati bwemba, ngati ali wopepuka ngati tiyi kapena wolemera ngati thobwa, komanso chimene chatsalira pakhosi mutameza. Mubwererenso patapita mphindi khumi, atazizira, mudzapeza kuti wasintha. Wotsalayo sefani mu kapu ina, thirani shuga ndi mkaka monga mwa masiku onse.

Mukapeza njere zosakazinga kwa alimi, chiwaya chimagwira ntchito. Moto ukhale wapakatikati, muzitakasa osapuma. Pakapita mphindi pafupifupi khumi mudzamva zikuthetheka ngati mbuliwuli. Dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri, phulani, khuthulirani m'lichero n'kupeta kuti zizizire msanga ndi kuchotsa mankhusu. Zikafika pakuda bii n'kumatuluka mafuta, ndiye kuti mwapitirira, ndipo wa ku Misuku ndi wa ku Thyolo adzamveka chimodzimodzi, makala okhaokha. Mukakazinga, sungani m'botolo lotseka bwino masiku atatu musanayambe kumwa. Mundilembere zimene mudzapeze m'makapu awiriwo, ndi mayina a zipatso za kwanu ku Ntcheu zimene zidzakubwerereni m'maganizo.